M'nyumba Muno Sitigwada

Tsiku loyamba kugwira ntchito kwa apulofesa ndinakalipiridwa chifukwa cha ulemu. Ndinawaphikira tiyi, ndinamuika pathireyi, ndipo nditafika pamene anakhala ndinayamba kugwada monga anandilerera amayi anga ku Dedza. Maondo asanafike n'komwe pansi, mkuluyo anamenya ndodo yake pamwendo wa tebulo.

"Imirira! M'nyumba muno sitigwada."

Ndinadzambatuka, tiyi n'kutayikira pathireyi. Chamumtima ndinati anthu akunowa ndi ovuta ndithu: uwapatse ulemu akuti walakwa, uwamane akuti ndiwe wamwano. Ndikanakhala ndi kwina kopita ndikanatula thireyiyo pomwepo n'kuona msewu. Koma ndinali nditangofika kumene ku South Bend, mzinda wina wa ku Amereka, ndikuphunzira unamwino, ndipo masiku opanda sukulu ndinkasamala okalamba m'makomo mwawo monga tinkachitira Amalawi ambiri mumzindamo. Wosankha ntchito sindinali ine. Ndinapukuta kapu n'kuwapatsa tiyi wawo ndili chilili.

Mawa lake ndinapeza kampando kakafupi pambali pa mpando wawo. Anachita kutuma neba kuti akagule. Anati kameneko ndi kanga, ndizikhalapo ndikamawaveka masokosi kapena kuwawenga zikhadabo. Za dzulo lake sanapepese, ndipo sanali munthu wopepesa.

Anali Myuda wobadwira ku Poland, ndipo anaphunzitsa mbiri yakale pa yunivesite ina mumzindamo mpaka atapuma. Ine Ayuda ndinkangowadziwira m'Baibulo. Popita kumeneko ndinkayembekeza ndevu zofika pamchombo ndi mkanjo wokwekwa pansi. Ndinakapeza munthu wamfupi, wamakutu aakulu, wovala juzi yobooka pachigongono, wokonda nkhaka zoviika m'madzi a mchere ndiponso kutukwana andale akaoneka pa wailesi yakanema. Tinkalankhulana m'Chingerezi, chawo cholemera lilime, changa cha ku Dedza, ndipo aliyense ankaona ngati mnzake ndiye sadziwa kulankhula.

Zoti sagwada sizinali zongonena. Cholembera chikagwa ankachitola ndi kandodo kokhala ndi zala kumapeto. Nsapato zawo zinalibe zingwe. Tomato ankamudzala m'ndowa zosanjika pamabenchi kuseri kwa nyumba. Poyamba ndinkati ndi nyamakazi, mpaka ndinawagulira mankhwala opaka omwe anangowayang'ana n'kuwaika pawindo.

Nkhani yake anandiuza tsiku lina ndili pakampando kaja, phazi lawo lili pamiyendo panga. Ali mwana wamng'ono, Ajeremani analowa m'dziko lawo n'kuyamba kusaka Ayuda khomo ndi khomo. Bambo awo anatengedwa poyambirira. Amayi awo anathawa nawo pamodzi ndi mlongo wawo wamng'ono, nyengo yachisanu, akugogoda m'makomo a alimi kumidzi. Makomo ambiri sanatseguke. Anthu ankasuzumira pawindo n'kukoka katani. Khomo limodzi linatseguka n'kulandira mnyamata, lina m'mudzi woyandikana linalandira mtsikana. Amayiwo anati abweranso chisanu chikatha, koma sanabwerenso.

Mayi wa pakhomo pomwe anawalandira anawapatsa dzina la mwana wa mchemwali wake amene anali atamwalira. Kenako anayamba kuwaphunzitsa kukhala Mkhristu, osati kuti akapulumuke kumwamba koma kuti apulumuke pansi pompano. Tsiku lililonse zinali zomwezo: gwada, lemba chizindikiro cha mtanda, nena pemphero. Akaphonya liwu, nsanza yonyowa inkawatera kumaso. Asilikali akamafufuza m'midzi ankaimika ana n'kuwauza kuti apemphere, ndipo mwana akangododoma ankaphetsa nyumba yonse. Kwa iwo anafikako kangapo. Msilikali ankawagwira pamutu n'kufunsa kuti, ndiwe Myuda iwe? Iwo ankakana, n'kugwada, n'kulakatula.

"Ndinkakhoza," anatero, akuyang'ana chala chomwe ndinkawenga. "Mayi uja sindimuda. Ankandimenya kuti ndikhale moyo. Koma ndinagwada zokwana moyo wonse."

Nkhondo itatha, wachibale wina amene anapulumuka anawapeza n'kuwatenga. Atapita kukatenga mlongo wawo, a pakhomo pomwe anasiyidwa paja anati kuno sikunafike mwana wotero. Anali atamubatiza, mwinanso atamukonda, ndipo posakhalitsa anasamuka naye. Ntchito yonse ya apulofesa inachokera pamenepo. Mabuku awo anali okhudza ana otere, obisidwa m'mabanja ndi m'nyumba za masisitere, amene nkhondo itatha sanabwezedwe ndipo anakula ndi mayina a eni. Miyendo ikadali yolimba ankawoloka nyanja chaka ndi chaka, atatenga makina ojambulira mawu, kukakhala pansi ndi nkhalamba zomwe zinadziwa zili kale ndi imvi kuti amene zinkawatcha amayi sanali ozibereka. Matepi anadzaza chipinda chonse chapansi. Mlongo wawo sanamupeze.

Nthawi zina ankandiuza kuti ndiwaikire tepi. Chilankhulocho sindinkachimva, koma ndinkamva kuti pakati pa nkhani pamakhala zii kwa nthawi yaitali, mpaka ndinkaganiza kuti makina afa. Ndikati ndigwire, ankandiletsa.

"Pamenepo ndi pamene pali ntchito. Munthu akakhala chete usamuthandize. Ukamuthandiza akuuza nkhani yako, osati yake."

Ankatha mlungu wathunthu akulimbana ndi ndime imodzi chifukwa nkhalamba ziwiri zasiyana pa nkhani ya chitseko, ina ikuti chinali chobiriwira, ina ikuti chinalibe penti. Ine ndinkati agogo inu, chitseko chili ndi ntchito yanji? Iwo ankati amene anaima pachitsekopo ndi eni ake, ine kunalibe, ndiye ndilemba zonse ziwiri. Ankanenanso monyadira kuti pazaka zonse za ntchito yawo sanafunsepo munthu kuti kodi ndinu Myuda. Ankadikira mpaka mwini wake anene yekha, ndipo ena ankamaliza tepi yonse osanena.

Ku yunivesite ankawakumbukira kamodzi pachaka, nyengo yokumbukira Ayuda ophedwa pankhondo ija ikafika. Ankabwera kudzawatenga anthu otchena, nkhope zachisoni atazivalira m'galimoto, mawu atawatsitsa ngati m'nyumba muli maliro. Ankawakhazika kutsogolo, kuwayatsitsa kandulo, n'kuwafunsa kuti tiphunzirepo chiyani. Ine ndinkakhala kumbuyo ndi chikwama cha mankhwala, ndipo ndikanabetcha chala kuti ambiri a iwo buku la mkuluyo sanalitsegulepo. Tikafika kunyumba ankavula tayi n'kunena kuti mbale za alendo zabwerera m'kabati. Nthawi imeneyo ndinkati achiphamaso oposa amenewa kulibe. Ndinali ndisanaone za kwathu.

Kupatula kusagwada, m'nyumbamo munali lamulo lina: pakhomo pawo munthu saima pachisanu. Wobweretsa katundu, wopempha mavoti, ngakhale wotsatsa mawindo, onse ankalowetsedwa kaye kenako n'kumafunsidwa chimene abwerera. Ndipo tsiku lina, adokotala atawauza kuti mitsempha ya m'mutu yayamba kutopa, anandiuza chinthu chimodzi chomwe ankachiopa. Sichinali imfa.

"Dzina lija anandipatsa ndinalikwirira, ngakhale mwana wanga salidziwa. Mutu ukadzayamba kundithawa, uzidzandiitana dzina langa lenileni tsiku lililonse. Ndikufuna ndife ndili ine."

Kwathu wamkulu satchulidwa dzina, ndiye lilime linalemera. Anandiuza kuti ndiyeserere pomwepo. Ndinalitchula ndikuyang'ana pansi, iwo n'kuseka kuti ndalipha, ndibwereze. Ndinabwereza mpaka anavomera, ndipo ndinalonjeza.

Tsopano ndinene za amalume anga, mlongo wa amayi, mwini mbumba yathu. Ku Lilongwe ankagulitsa zitsulo za galimoto, zina zawo zina za eni. Atafika ku Indianapolis anayamba kuyendetsa galimoto yotengera odwala kuchipatala, ntchito yabwino yomwe akanakalamba nayo mwaulemu. Koma tsiku lina anangodzuka ali mtumwi. Palibe anawadzoza, palibe anawaphunzitsa, anangogula suti yoyera. Tchalitchi chawo chinali ku Lawrence, dera la m'mphepete mwa mzindawo, chipinda cha lendi pakati pa malo ochapira zovala ndi sitolo ya matayala. Kutsogolo anapachika mbendera ya Israyeli. Anali ndi nyanga ya nkhosa yoitanitsa pa intaneti, yomwe dikoni wawo akaiomba inkalira ngati ng'ombe yodwala chifuwa. Mafuta odzozera ankati ndi ochokera kudziko loyera, koma ine ndinawaona ndi maso angawa azakhali, akazi awo, akudzaza timabotolo kuchokera m'chigubu chomwe ankakazingira nkhuku. Amalume Ayuda ankawakonda koopsa. Ankawalalikira, ankawapempherera, ankawalirira paguwa. Kungoti anali asanalankhulepo ndi mmodzi yemwe.

Za apulofesa anazimva paphwando la Amalawi, kwa mnzanga wina wapakamwa. Anandiitanira pambali, mbale ya nyama ili m'manja.

"Iwe, akuti ukusamala Myuda?"

"Ndi peshenti wanga, amalume."

"Myuda weniweni? Wa mtundu wosankhidwa? Ndiye wangokhala duu osandiuza? Ukudziwa kuti munthu wobweretsa mmodzi wa amenewo kwa Ambuye, kumwamba amamuimirira?"

"Malamulo a ntchito salola, amalume. Akhoza kundifaya."

"Amenewo ndi malamulo a anthu. Ine ndikukamba za moyo wa munthu."

Sankakamba za moyo wa munthu ayi. Ndinawaona maso, anali a mlenje amene wamva kuti m'tchire lapafupi mwatsala njovu imodzi. Abusa anzawo anali ndi maumboni a zotupa zosungunuka ndi mapepala a boma otuluka mozizwitsa, koma wokhala ndi Myuda wotembenuka mtima panalibe.

Mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi unatiteteza kwa zaka zingapo. Kenako apulofesa anadwala sitiroko, mwendo ndi dzanja lakumanzere n'kufa. Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala ku Indianapolis, anawatengera kwake n'kundipempha kuti ndipite nawo popeza anali atandizolowera. Ndinavomera. Amayi anga atamva anati ndikakhale kwa amalume, mwana wamkazi sachita lendi mumzinda momwe muli mwini mbumba. Ndinakapatsidwa chipinda chapansi ku Lawrence, pambali pa makatoni a timabotolo tija.

Kumeneko nkhani inali imodzi m'mawa ndi madzulo. Ali bwanji Myuda wathu? Wamuuza za Ambuye? Tangonditengerako chithunzi. Tangomupakako timafutati pamphumi akagona, sadziwa. Ine ndinkangoti ndamva amalume, n'kutsikira kuchipinda kwanga. M'mawa wina galimoto yanga inakana kulira chifukwa cha kuzizira, ndipo iwo anadzipereka kundiperekeza. Ndinati anditsitse pamphambano.

"Ayi, ndikudiropa pakhomo penipeni. Mwana wa mlongo wanga asayende pasinowo ine ndilipo."

Chifundo chimenecho ndinachidziwa kumene chinkalowera. Akutembenuza galimoto anaima kaye n'kuyang'anitsitsa nambala ya nyumba.

Masiku amenewo apulofesa ankasinthasintha. Lero ali bwinobwino, akukonza mwana wawo akalakwitsa chaka. Mawa zilankhulo zasakanikirana, akufunsa za anthu amene anamwalira kalekale. Koma m'mawa uliwonse ndikalowa ndinkawaitana dzina lawo, ndipo ankayankha kuti, "Ndilipo, ndine yemweyo."

Linali Loweruka, mwana wawo atapita kusunagoge, kunja kuli mbee ndi chipale chofewa. Belu linalira. Nditatsegula ndinapeza amalume atavala chikhoti chakuda chachitali pamwamba pa suti yoyera ija, madikoni awiri kumbuyo kwawo, azakhali ndi amayi ena a kutchalitchi atanyamula jumbo ya malalanje.

Kwathu kukazonda wodwala sitipempha chilolezo. Timangofika, kukhala pansi, kuimba, kupemphera, kusiya kangachepe n'kumapita. Ndi mwambo wabwino, ndipo nanenso unanditonthozapo nditagona m'chipatala kutali ndi amayi. Koma wozonda sabwera ndi nyanga m'khwapa monga anachitira dikoni mmodzi, ndipo dikoni winayo foni anali ataiimika kale. Ndinaima pakati pa khomo.

"Amalume, pepani, muno simulowa."

"Ukuuza ine?"

"Eni nyumba kulibe. Odwalawo safuna mapemphero."

"Anakuuza ndani kuti pali munthu wosafuna mapemphero? Tingopuleya pang'ono basi, sitiwadisitaba."

"Ndati ayi, amalume."

"Taonani," anatero azakhali potembenukira amayi aja, "Amereka yamulowa m'mutu. Akubweza amalume ake pakhomo ngati galu."

Sindinasunthe. Ndikanaima pamenepo mpaka mapazi awo aume. Koma mphepo inali italowa m'nyumba, ndipo mawu a apulofesa anamveka kuchokera pabalaza.

"Ndani ali pakhomo?"

"Alaliki, apulofesa. Akupita."

"Kunja kukuzizira. Alowe."

"Sanabwere ndi zabwino kwa inu."

"Kaya ndi ndani. Pakhomo panga munthu saima pachisanu."

Amalume Chingerezi amamva. Anandimwetulira n'kundisuntha ndi phewa pang'ono pokha, ena onse n'kutsatira.

Poyamba zinayenda bwino. Tsikulo mutu wa apulofesa unali wowala. Anandituma tiyi. Anafunsa amalume kumene anabadwira, chimene agogo awo ankalima, ndiponso ngati anagwirako thangata m'minda ya azungu. Ankafunsa n'kudikira yankho monga mwa ntchito yawo. Amalume sanamve funso ngakhale limodzi, maso anali pa dikoni wa foni kuona ngati wapeza poima pabwino. Amayi aja anaimba nyimbo imodzi chapansipansi, ndipo mkuluyo ankagogoda chala pampando motsatira. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tipulumuka.

Ndikubwera ndi thireyi, amalume anaimirira, madikoni n'kuimiriranso. Zikhoti sanavule, nsapato zawo zikuluzikulu zikudontha pakapeti. Amuna atatu ataliatali anazungulira nkhalamba ili pampando. Amalume anathira mafuta m'dzanja n'kuliika pamutu pa apulofesa. Ndiye mokweza, mosangalala, kuti foni imve bwino, anafunsa m'Chingerezi.

"Bambo, tiuzeni. Kodi ndinu Myuda?"

Ndinaona nkhope ija ikuchoka. Sindidziwa kunena kwina. Maso anali omwewo koma wosuzumiramo anali wina. Amalume anaganiza kuti ndi ugonthi, ndiye anabwereza mokuwa, dzanja likukanikiza. Dikoni anaomba nyanga. Ndinataya thireyi kuti ndithamangire, koma azakhali anandigwira mkono ndi manja awiri, akuti ndisasokoneze mzimu.

Apulofesa anapukusa mutu kukana. Anagwira m'mphepete mwa mpando ndi dzanja lamoyo lija n'kudzitsetserezera pansi, mwendo wakufa ukupindikira kumbali. Anagwada. Analemba mtanda pamphumi, pachifuwa ndi m'mapewa, mwachangu komanso mosaphonya, n'kuyamba kulakatula m'Chipolishi ndi kamawu kakang'ono, kothamanga, kosapuma. Buluku lawo linada kutsogolo, madzi n'kuyenderera pakapeti.

Amayi aja analulutira.

"Aleluya! Wagwada yekha!" anakuwa amalume, manja m'mwamba, misozi chuchuchu. "Warekoda iwe? Wagwada yekha!"

Zitsiru. Anthu akuluakulu, a ana awo, ena mwa iwo ogwira ntchito m'zipatala amene mantha a wodwala amawaona tsiku ndi tsiku, anayang'ana mwana akupempha kuti asaphedwe, iwo n'kuona chozizwitsa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana pakapeti.

Mawu amene ndinawauza amalume tsiku limenelo sindingawalembe, ndipo sindinawabweze. Ndinalanda nyanga ija n'kuiponya panja. Ndinanyamula foni ya m'nyumba n'kunena kuti ndikuitana apolisi, ndipo pakati pathu kunoko palibe liwu lothamangitsa mzimu msanga kuposa limenelo. Anatuluka akuimba. Azakhali anabwereranso kudzaika malalanje patebulo, kuti pasadzapezeke wonena kuti anazonda chimanjamanja.

Nditatseka chitseko, mkuluyo anali akadali pamaondo, akuyambiranso pemphero lija. Ndinakhala pansi pambali pawo, ndinawakumbatira, n'kuwakokera pang'onopang'ono kuti atsamire pa ine. Ndinawapukuta mafuta pamutu ndi mkono wa juzi yanga. Anandiyang'ana n'kunong'ona, mawu ena m'Chingerezi ena m'chilankhulo chawo.

"Ndakhoza?"

"Mwakhoza. Apita."

Kenako ndinachita zomwe ndinalonjeza, ndinawaitana dzina lawo. Dzanja lawo linandifika pakamwa mwamphamvu moti mlomo unagunda dzino.

"Shii! Muno mulibe wa dzina limenelo."

Ndipo anandiuza dzina lina, la mwana wa alimi uja, lomwe anati analikwirira.

Mwana wawo atabwera ndinamufotokozera zonse, osabisa kuti anali abale anga. Sanandichotse ntchito. Anangokhala pamasitepe nthawi yaitali, chikhoti asanavule. Loya wake analankhula ndi amalume ndipo kanemayo anachotsedwa pa intaneti, koma anali atazungulira kale m'mafoni mpaka ku Dedza. Amayi anga anandiimbira foni. Za wodwala sanafunse. Anati ndachititsa manyazi mtundu, ndatukwana mwini mbumba pamaso pa nkhosa zake, ndipite ndikapepese nditagwada. Ndinati ndamva amayi. Tsiku lomwelo ndinalongedza n'kukakhala kwa mnzanga ku Beech Grove, mbali ina ya mzindawo, ndipo kupepesako akudikirabe mpaka lero.

Amalume umboniwo akuunenabe, ndipo chaka chilichonse umanenepa. Ndinamva kuti masiku ano pulofesa wamkulu wa Chiyuda analankhula malilime, kenako n'kuwagwira mapazi kuthokoza. Tchalitchi chinasamukira m'chipinda chokulirapo. Nyanga ija anaitola pachipale, ikuliranabe chifuwa chake chomwe chija.

Madokotala anati matenda otere amatero, munthu amatha kutsika tsiku limodzi osakweranso, ndiye mwina zikanachitikabe. Mwina. Chomwe ndikudziwa ine n'chakuti Loweruka limenelo m'mawa anandiyankha kuti ndine yemweyo, ndipo kuyambira masana ake sanayankhenso. M'mawa uliwonse ndinkayesa, ndipo m'mawa uliwonse ankandigwira pakamwa n'kuloza chitseko. Belu likalira ankalimbana kuti atsike pabedi akagwade, mpaka tinalidula waya. Mwana wawo akati ababa, ankamuyankha mwaulemu kuti mayi, mwasochera, kafunseni nyumba inayo. Kuti atsegule pakamwa adye, ndinkachita kuwaitana dzina la mwana wa alimi uja. Ndikatero phala linkalowa.

Tsiku lomaliza, chipale chitasungunuka, masana, mpweya unayamba kudukiza. Mwana wawo anawerama n'kuyamba pemphero lalifupi la Chiheberi limene Ayuda amanena munthu akamatsirizika. Apulofesa anatsegula maso. Ndinaona kuti alimva, ndipo akulidziwa liwu lililonse. Ndi mphamvu yotsalayo anakweza dzanja n'kutseka pakamwa pa mwana wawo, maso ali kuchitseko. Mwanayo analekezera pakati. Patapita kanthawi dzanjalo linagwa lokha.

Anaikidwa mawa lake m'bokosi la matabwa osapaka, popanda nkhata za maluwa. Anthu a ku yunivesite anabwera ndi nkhope zawo zija. Pachiliza analembapo dzina lawo lenileni, m'Chingerezi ndi m'Chiheberi. Ayuda akapita kumanda amasiya kamwala pamwamba pa chiliza, ndipo nanenso ndinatengera. Ndikapita kumeneko ndimaika kamwala kanga ndili chilili, kenako ndimawaitana dzinalo mokweza, kawiri katatu, mpaka ogwira ntchito kumandako amacheuka. Palibe amandigwira pakamwa.